Kuferedwa ndi Kuberedwa: Za Mawu Aja Akuti "Bereaved"

Zidzukulu zanga, ndi inu nonse amene mumacheza nafe pa tsamba lino chifukwa chokonda miyambi ndi miyambo ya makolo, lero tiyambira ku Chingerezi. Wina asati agogo asochera. Pali mawu amodzi a Chingerezi amene alowerera kwambiri m'maliro athu masiku ano, ndipo ndaona kuti ambiri amene amawatchula sadziwa katundu amene mawuwo asenza. Mawuwo ndi akuti "bereaved".

Mukapita pa maliro a mphunzitsi, a mlangizi wa zaulimi, kapena a mwana wa mudzi amene ankagwira ntchito ku Lilongwe, kaya ndi pa boma pa Ntchisi, pa Malomo, pa Mponela kapena ku Mvera, mudzamva woyendetsa mwambo akupereka ulemu kwa mafumu, kwa abusa ndi kwa akuluakulu a boma, kenaka n'kutsiriza ndi "the bereaved family". Womasulira amati "banja loferedwa", kapena mwachidule "anamfedwa". Kumasulirako n'kolondola, sindikutsutsa ayi. Koma mawu ali ngati mbatata: chooneka pamwamba ndi kholowa, mbatata yeniyeniyo ili pansi, ndipo imafuna khasu.

Tiyambe ndi kagwiritsidwe ntchito kake, poti apa mpamene ana asukulu, ngakhalenso akuluakulu omanga mataye, amapunthwa. Angerezi ali ndi mawu atatu oyandikana pa nkhani ya imfa. "The deceased" ndiye womwalirayo. "The late" ndi monga momwe ife timanenera kuti malemu, ndipo amatsogolera dzina la munthu. "The bereaved" ndi amoyo, otsala, amene imfa yawachotsera m'bale. Pa zaka zanga za uhedimasitala ndidalandira makalata osawerengeka opempha tchuthi cha maliro, ndipo si kamodzi kapena kawiri pamene ndidawerenga kuti wolembayo akupita kukaika "the bereaved" m'manda. Ndinkamuitanira mu ofesi n'kumufunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi anthu amoyowo alakwanji kuti mukawakwirire?" Tinkamwetulira pang'ono ngakhale pa chisoni, ndipo munthuyo sankabwerezanso.

Mawuwa ali ndi mphwawo, "bereft". Onse awiri adachokera ku mneni mmodzi, "bereave", koma m'kupita kwa zaka adagawana ntchito. "Bereaved" adatsalira ku imfa. "Bereft" adatenga zotsala zonse, ndipo kawirikawiri amayenda ndi kamawu kakuti "of". Munthu amene wataya mtima ndi "bereft of hope", amene watheredwa nzeru ndi "bereft of ideas". Tsono mwana akalemba kuti alimi a ku Nthondo ali "bereaved of fertilizer", mphunzitsi watcheru amalemba mzere wofiira, pakuti feteleza sanamwalire. Dzina la mkhalidwe wonsewo, kuferedwako, ndi "bereavement".

Chinthu chimodzi chimandichititsa chidwi apa. Mkazi amene mwamuna wake wamwalira, Angerezi ali ndi dzina lake. Mwamuna amene mkazi wake wamwalira ali ndi lake. Mwana wotsala yekha ali ndi lakenso. Ife onse atatuwa timawasonkhanitsa m'mawu amodzi, amasiye, ochokera ku kusiya. Koma kholo limene laika mwana wake m'manda lilibe dzina lakelake, ku Chingerezi ngakhale ku Chichewa. Angerezi amangoti "bereaved parent", ife n'kungoti anamfedwa. Zilankhulo ziwiri zotalikirana chonchi zidafika pa dzenje limodzi, zonse n'kusowa chonena.

Tsopano tikumbe. M'Chingerezi chakale, cha zaka zoposa 1,000 zapitazo, mneniyu adali "bereafian", ndipo tanthauzo lake silidali la maliro konse. Lidali kulanda, kufunkha, kuvula munthu zake mwa mphamvu. Abale ake akadalipo: Ajeremani amati "berauben", Adatchi amati "beroven", onse kutanthauza kubera munthu. Ngakhale mawu odziwika aja akuti "rob" ndi a mtundu womwewo, kungoti iwo adadzera m'Chifalansa. M'malire a England ndi Scotland mudali magulu a anthu okwera pa akavalo amene ankagwera midzi usiku, kutenga ng'ombe ndi nkhosa, nthawi zina kutentha nyumba. Anthuwa ankatchedwa "reivers", ndipo adasautsa dera limenelo kwa zaka mazana atatu, mpaka mfumu James ya ku Scotland italowanso ufumu wa England mu 1603 n'kuwathetsa. Ena amati mawu akuti "bereaved" adachokera kwa achifwamba amenewa. Si zoona, mawuwo ndi akale kuposa iwo. Choona n'chakuti dzina lawo ndi mawu athuwa zidaphuka pa tsinde limodzi.

Ife a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi sitifuna wotifotokozera kuti kugweredwa usiku ndi chiyani. Agogo athu ankasimba za nthawi ya nkhondo za Angoni, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pamene anthu ankamanga malinga ndi kuthawira m'nkhalango ya phiri la Ntchisi, kusiya nkhokwe ndi ziweto m'manja mwa ankhondo. Amishoni a Dutch Reformed atafika ku Mvera mu 1889 adapeza dziko la mfumu Chiwere nkhondozo zisanazilale. Lero ndife anthu amodzi, tidakwatirana ndipo timaikana maliro, koma chithunzi cha mudzi wogweredwa chidatsala m'nthano zathu: m'mawa kwacha, khola lili pululu, mwini wake wangoti kakasi pakhomo. Munthu woteroyo ndiye "bereaved" wa Chingerezi choyambirira.

Amene muli ndi Baibulo la Chingerezi la King James, la 1611, tsegulani Genesis 42, ndime 36, ndipo muyerekeze ndi Buku Lopatulika lathu la 1922, lija adalimasulira pa Kaso ku Mvera. Mawu athuwa mudzawapeza m'kamwa mwa Yakobo, akudandaulira ana ake za Yosefe, za Simeoni ndi za Benjamini. Taganizani: pa nthawi imeneyo Yosefe adali moyo, nduna yaikulu ku Aigupto, Simeoni adali moyo m'ndende, Benjamini adali chiimire pambali pa atate ake. Palibe ndi mmodzi yemwe adali atamwalira. Nkhalambayo inkanena za kulandidwa ana, ndipo amene inkawaloza chala adali a m'nyumba mwake momwe. Mfundo imeneyi muisunge, tiipezanso kutsogoloku.

Tsono Angerezi, pofuna kunena za munthu amene imfa yamugwera, adakabwereka mneni wa mbala. Kwa iwo imfa ndi wachifwamba, ndipo woferedwa ndi woberedwa. Apa khutu la Mchewa limadzidzimuka, chifukwa "bereaved" ndi "kuberedwa" zimamveka ngati ana a mimba imodzi. Ndikuchenjezeni, zidzukulu zanga, kuti palibe chibale pamenepa. Chichewa ndi cha banja la zilankhulo za Bantu, Chingerezi ndi cha banja lina lakutali. Kufananako kudangochitika, monga momwe anthu awiri osadziwana amafanirana mphuno. Komabe m'kalasi kunkandithandiza. Ndinkauza ana kuti akaiwala tanthauzo, akumbukire kuberedwa, ndipo sadzaikanso "the bereaved" m'bokosi.

Nanga ife tidachita bwanji? Chichewa sichidabwereke kwa mbala. Chidatenga mneni weniweni wa imfa, kufa, n'kumupinda. Kufa, kufera, kuferedwa. Ndi njira yomweyo imene timapangira kutheredwa kuchokera ku kutha, kugweredwa kuchokera ku kugwa, ndi kuberedwa kuchokera ku kuba. Pali ndi kachidule kake, kufedwa, kamene kadabala dzina lakuti namfedwa. Mngerezi sangathe kutero ndi mneni wake wa kufa. Galamala yake imamukaniza. Ife timatha kunena kuti imfa ya wina yachitikira ine, yagwera pa ine, popanda kutchula wolakwa. M'mawu athu mulibe mbala. Muli munthu amene wasenzetsedwa chinthu cholemera, basi. Ndipo pakati pa kuferedwa ndi kuberedwa pali lemba limodzi lokha.

Mwambo wathu umagwirizana ndi galamala imeneyi. Zovuta zikagwa pamudzi, uthenga umapita kwa nyakwawa, ndipo kuyambira pamenepo namfedwa sagwiranso ntchito. Satunga madzi, satola nkhuni, saphika. Amayi a m'mudzi amabwera ndi ufa m'timadengu n'kukhala naye m'nyumba ya siwa, wina atamugwirizira kumsana. Abambo amachezera panja pamoto. Adzukulu amalawirira kumanda ndi makasu. (Inu amene mudakulira m'tauni, adzukulu a pamaliro si inu ayi, ndi okumba manda. N'chifukwa chake ine ndimakutchani zidzukulu, kuopa kukupatsani ntchito imene simudapemphe.) Chipepeso chimalengezedwa poyera, dzina ndi dzina, mudzi ndi mudzi. Paja akuluakulu adati maliro n'kulirana. Pa masiku onsewo, kufikira kumeta, manja a namfedwa amakhala otambasuka kuti alandire. Palibe paliponse m'mwambo umenewu pamene pamati namfedwa alandidwe.

Komatu zimene maso athu aona m'zaka makumi atatu kapena anayi zapitazi n'zina. Ndikupatsani chitsanzo chimodzi mwa zambiri, popanda kutchula maina. Chapakati pa zaka za m'ma 1990, pa sukulu ina imene ndinkayang'anira, padali mnyamata wa Sitandade 7, wanzeru pa masamu. Atate ake adali mlimi wa fodya, amayi ake adatengedwa chitengwa kuchokera kutsidya la mtsinje wa Bua. Bamboyo atamwalira, pa tsiku loika maliro woyendetsa mwambo adaitana "the bereaved family" kuti iimirire, ndipo adaimirira achimwene ndi alongo a malemu, atavala bwino, pamene mayi wamasiyeyo adali chigonere pamphasa m'siwa. Sabata isanathe, omwe adaimirira aja adabwera. Adatenga ng'ombe ziwiri zapagoli pamodzi ndi ngolo yake, njinga, wailesi, mabelo a fodya amene ankadikira ulendo wa ku okushoni, ndi malata amene banjalo lidagula koma lisanafolere. Mayiyo adauzidwa kuti ukwati watha, abwerere kwawo. Maphunziro a pulayimale adali atakhala aulere kuyambira 1994, choncho fizi sidali vuto; koma mwana sawerenga ndi njala. Mnyamatayo adakalowa utenanti pa esiteti ina ku Kasungu, ndipo mayeso a Sitandade 8 sadalembe.

Banja limenelo lidaferedwa Lachiwiri, n'kuberedwa Lolemba linalo. Mawu a Chingerezi aja adakwanira pa iwo mbali zonse ziwiri, tanthauzo latsopano ndi lakale lomwe. Ndipo monga zidalili ndi Yakobo, olandawo sadachokere kutali.

Apa ndikudziwa kuti anzanga ena a msinkhu wanga ayamba kale kupukusa mitu. Adzati, "Ahedi, mwaiwala kodi kuti ife ndife Achewa? Mwana ndi wa kwa mayi ake. Cholowa cha mwamuna chimapita kwa abale ake ndi kwa ana a mlongo wake. Umenewo ndiwo mwambo." Sindinaiwale. Koma tiyeni tiufunse mwambowo kuti udapangidwira chuma chotani. M'masiku a chikamwini chenicheni, mwamuna ankakhala kwa mkazi. Munda udali wa mbumba ya mkaziyo, nyumba idali pa dothi la kwawo kwa mkaziyo, nkhokwe inkadyetsa ana a mkaziyo. Mwamuna akamwalira, abale ake ankatenga chiyani? Uta ndi mivi, mkondo, nkhwangwa, kasemasema, chikwanje, kapena mbuzi imodzi imene adabwera nayo. Zidali zikumbutso kuposa chuma. Mayi ndi ana ankatsala pakhomo pawo, m'munda mwawo, pansi pa mwinimbumba wawo, malume wa anawo, amene udali udindo wake kuwalera. Palibe amene ankagona ndi njala chifukwa choti uta wapita.

Zinthu zidasintha pamene chuma chidasintha. Fodya atafala m'maboma a Lilongwe ndi Dowa m'zaka za m'ma 1920, amuna adayamba kugwira ndalama zawozawo. Ena adapita ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Johannesburg kudzera ku Wenela, n'kubwerako ndi njinga, makina osokera ndi masutikesi. Chitengwa chidachuluka, poti mwamuna wa ndalama safuna kulamulidwa ndi apongozi. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima fodya wa bale kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, m'midzi mudaoneka nyumba za malata, ngolo ndi zigayo, ndipo lero soya ndi mtedza zawonjezera njinga zamoto. Chuma chimenechi sachipeza mwamuna yekha. Amene amadzuka m'mbandakucha kukathirira nazale, amene amasoka fodya mpaka zala kuchita matuza, amene amapalira ndi mwana kumsana, ndi mkazi ndi ana. Kutenga lamulo limene lidapangidwira uta ndi nkhwangwa n'kuligwiritsa ntchito pa chigayo ndi nyumba ya njerwa zootcha, kumeneko si kusunga mwambo. Ndipo onani chinyengo chake: olandawo amakumbukira theka la mwambo lonena za kutenga, n'kuiwala theka lonena za kulera. Sindidamvepo kuti amene adakweza malata pangolo adabweranso kudzafunsa ngati ana ali ndi makope.

Mliri wa Edzi udaulula zonsezi. Kuyambira 1985, pamene matendawa adapezeka koyamba m'dziko muno, kufikira 2004, pamene mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma, tidaika anthu a zaka za pakati, eni chuma ndi eni ana aang'ono, mochuluka kuposa kale lonse. Kudali masabata amene adzukulu sankabweza makasu kunyumba. Pa nthawi imeneyo mpamene mawu akuti "kulanda chuma cha masiye" adakhala a tsiku ndi tsiku pa wailesi ndi m'maulaliki.

Malamulo a boma nawo adayenda ulendo wawo, ndipo n'kofunika kuti muudziwe. Lamulo la chuma cha masiye la 1967 linkagawa motere munthu akamwalira osasiya wilo: m'maboma a chikamwini monga kwathu kuno, mkazi, ana ndi ena odalira malemu ankalandira magawo awiri mwa magawo asanu, ndipo magawo atatu ankapita kwa olowa chuma mwa mwambo; m'maboma a malowolo, monga kumpoto, ankagawana pakati. Ndiye kuti boma lenilenilo linkapatsa abale gawo lalikulu kuposa ana. Malamulo oyendetsera dziko a 1994, pa gawo 24, adanena poyera kuti amayi asalandidwe katundu, kuphatikizapo wa cholowa. Mu 1998 kulanda chuma cha masiye kudasanduka mlandu wopalamula. Kenaka mu 2011 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, limene lidachotseratu la 1967. Pansi pa lamuloli, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu pamodzi ndi ana ake onse, a m'banja ndi a kunja komwe. Ziwiya ndi katundu wa m'nyumba zimatsala ndi wamasiyeyo. Wolanda akhoza kulipitsidwa chindapusa ndi kukhala m'ndende zaka khumi.

Kunena kwina, lamulo la 2011 lidayankha funso limene woyendetsa mwambo uja sadadzifunse: kodi "the bereaved family" ndani? Yankho lake n'lakuti choyamba ndi uja wagona pamphasa m'siwa, ndi ana amene amuzungulira.

Sindikunena kuti abale a mwamuna saferedwa. Mayi amene adamubereka, n'kugulitsa mbuzi zake kuti mwanayo akaphunzire ku Robert Blake ku Kongwe, ndi namfedwa weniweni, ndipo misozi yake siyochepa poyerekeza ndi ya mpongozi wake. Mchimwene amene adamulipirira fizi naye ali ndi chonena. Lamulo lomwelo limakumbukira makolo amene ankadalira malemu, ndiponso ana ena amene malemuyo ankawaphunzitsa. Ndaonaponso akazi amasiye ouma mtima, amene maliro atangotha adatsekera apongozi awo okalamba chitseko, n'kuwamana ngakhale thumba limodzi la chimanga. Zoterozo n'zonyansa, ndipo ankhoswe ndi mafumu ayenera kuzidzudzula. Koma pali kusiyana pakati pa kukhala pansi n'kupempha gawo la gogo, ndi kubwera ndi ngolo mbandakucha. Woyambayo ndi namfedwa mnzake wa mayiyo. Wachiwiriyo ndi "reiver", ngakhale atalira mokweza chotani pa tsiku loika.

Ndiponso tisaiwale mkamwini. Iye mkazi wake akamwalira, kawirikawiri amaberedwa mwakachetechete, popanda bungwe lomulankhulira. Adamanga nyumba, adadzala mitengo ya mango ndi nthochi, adakumba chitsime, adakhala pamudzipo zaka makumi atatu. Akamusudzula amanyamula bulangete ndi kachikwama, n'kubwerera kumudzi kumene anthu adamuiwala kale, kumene munda wa amayi ake adagawana ena. Kusudzula kudali mwambo wabwino: abale a malemu ankamasula wotsalayo pakapita miyezi, atamwa mowa wa m'meto wachiwiri, n'kumupatsa kandalama kapena chizindikiro china chakuti alibe naye mangawa, akhoza kukwatiranso. Kudali kumasula munthu, osati kumupirikitsa. Masiku ano ena amasudzula dothi la pamanda lisanaume, chifukwa maso ali pa nyumba.

Tsono pali zinthu ziwiri zimene ndikupempha, chimodzi kwa oyendetsa miyambo ya maliro, china kwa ife eni mabanja.

Kwa oyendetsa mwambo: mukati "the bereaved family", kapena mukati anamfedwa, tchulani wamasiyeyo ndi ana ake poyamba, ndipo anthu amve. Chipepeso cha kuntchito kwa malemu, cha kumpingo ndi cha kumudzi chilengezedwe kuti chafika m'manja mwa yani. Zikuoneka zazing'ono, koma chimene chanenedwa pamaso pa mafumu ndi khamu la anthu chimavuta kuchitembenuza mawa. Mafumu ena kuno kwathu adayamba kale kuchenjeza pamanda pomwepo kuti katundu wa malemu asakhudzidwe kufikira mbali zonse zitakhala pansi, ndipo kumene amatero ngolo za mbandakucha zachepa. A Gulupu akalankhula, mlamu amaganiza kawiri.

Kwa ife eni mabanja, nkhani ndi ya wilo. Ndikudziwa mantha ake: amati kulemba wilo n'kudziitanira imfa. Komatu makolo athu sankaopa kusiya mawu. Nkhalamba ikaona kuti mphamvu zikutha, inkaitana mphwake, mwana wa mlongo wake ndi ankhoswe, n'kunena kuti mbuzi yakuti ndi ya uje, mtengo wakuti usadulidwe, mwana wakuti mudzamusamale. Mawu a munthu wopita ankaopedwa, poti ankati wowaphwanya mzimu udzamusautsa. Mantha amenewo adatha, ndipo chotsala ndi pepala. Nkhanga zidapangana kusanapse. Aliyense wa zaka 18 kapena kuposerapo, wa nzeru zake bwinobwino, akhoza kulemba wilo. Alembe momveka chimene ali nacho ndi amene adzachilandire, asayine pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisayine iye akuona. Ndi bwino mbonizo zisakhale anthu amene adzalandireko kanthu, ndipo pepalalo lisungidwe kumene chiswe ndi achibale a manja aatali sangalipeze; ena amasungitsa kwa abusa, ena kwa loya. Pakakhala kuti munthu wapita osasiya wilo ndipo mkangano wabuka, wamasiye asangokhala n'kumalira kuseri kwa nkhokwe. Apite kwa mfumu, ku polisi, ku khoti la majisitireti kapena ku ofesi ya bwanamkubwa pa boma. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mdzukulu wanga wina amene ali ku Johannesburg adandifunsa pa foni kuti alembe chiyani pa khadi lopepesa mnzake wa kuntchito amene atate ake amwalira. Ndidamuuza kuti akhoza kulemba kuti wamva za "bereavement" yake ndipo akulira naye, koma asamutche mnzakeyo "bereft", poti mawu amenewo ndi olemera, oyenera m'mabuku kuposa pa khadi, ndipo asayerekeze kumutcha "the late". Adafunsanso ngati Chingerezi chili ndi mawu ofanana ndi kusudzula. Chilibe, chifukwa kwa iwo ukwati umatha pa imfa pomwepo, ndipo palibe abale amene amayenera kumasula wotsalayo. Za kusudzula ndi za chokolo, momwe zinkachitikira kuno ku Ntchisi ndi momwe zimasiyanirana ndi za anzathu a ku Mzimba, tidzakambirana ulendo wamawa.